Makabati a kukhitchini atha: tisinthe zitseko zokha kapena tigwetse zonse?

FUNSO

Zikomo a Kalipentala. Nyumba yathu tinaigula makabati a kukhitchini alimo kale, ndiye panopa atopa, chipulasitiki chija anamata pazitseko chikusendeka makamaka pafupi ndi kuka, zitseko ziwiri zalendewera sizitsekekanso bwino, komanso mtundu wake wandikwana. Ndaitana akalipentala awiri. Woyamba akuti tingosintha zitseko ndi nkhope za madilowa mabokosi akhale momwemo, winayo akuti ayi zonse zichoke tiyambirenso. Pamwamba pali granite yomwe ndimaikonda kwambiri, sindikufuna iwonongeke. Ndimvere uti?

Mayi wothedwa nzeru

YANKHO

Mayi, musamvere aliyense kaye. Tengani tochi ndi sikuludilaiva, tulutsani zonse zomwe zili m'kabati ya pansi pa sinki, mugwade muyang'ane mkatimo, chifukwa nkhani yonseyi imagamulidwa kumeneko osati pazitseko. Zitseko ndi zomwe zimatinyansa m'maso tsiku ndi tsiku koma chomwe chanyamula granite yanuyo, mapoto, mbale ndi zitseko zomwezo ndi bokosi, ndipo ziwirizi sizikalamba mofanana. Pali makhitchini oti zitseko zinatha kalekale koma mabokosi ali gwa, palinso ena oti kunja akuwala koma mkati munafumbwa.

Ndi nsonga ya sikuludilaiva dinikizani thabwa la pansi, makamaka kumakona akumbuyo ndi pomwe mapaipi akudutsa, kenako m'munsi mwa matabwa a m'mbali pomwe madzi okolopera amafika. Musabaye mwamphamvu, kungodinikiza basi. Thabwa labwino silimva kanthu. Likabonyoka, kapena mukaona m'mphepete mwake mwafufuma ndipo tizidutswa tikuyoyoka, ndiye kuti madzi analowa. Makabati ambiri ndi a chipboard, tizidutswa ta mitengo tophatikiza ndi guluu kenako n'kukuta ndi melamine wopyapyala pamwamba, ndiye melamine uja madzi samulowa koma pomwe anadula thabwa n'kusiya pamtunda madzi amalowa bwinobwino, thabwa la 16mm kapena 18mm limatupa ndipo olo mutaliumitsa bwanji silibwereranso mwakale, mphamvu zake zapita basi. MDF, thabwa la timaulusi ta mitengo tophatikiza ndi guluu, nayo imatupa chimodzimodzi. Plywood ndiye imapirira, poti ndi timatabwa topyapyala tosanjikiza mopingasana, ikanyowa n'kuuma nthawi zambiri imakhalabe yolimba, pokhapokha muone kuti timatabwato tayamba kulekana.

Mukatha apo bwerani ku zitseko zanu ziwiri zolendewerazo. Apa pali zinthu ziwiri zomwe zimaoneka zofanana koma n'zosiyana kutalitali. Mahinjesi obisika aja ali ndi timasikuluwu tosunthira chitseko m'mwamba ndi pansi, kumanja ndi kumanzere, mkati ndi kunja, moti pena chitseko chimangofunika kuchisetera ndipo ndi ntchito ya mphindi zochepa. Koma tsegulani chitseko muchinyamule pang'ono ndi dzanja uku mukuyang'ana pomwe hinjesi yagwira thabwa la bokosi. Ngati kachitsulo konseko kakugwedera ndipo sikuluwu mukaimanga ikungozungulira osagwira, bowo latha. Bowo limodzi kapena awiri si nkhani, amathiramo kamtengo ndi guluu n'kuboolanso, kapena amaikapo kachitsulo kotambalala komwe kamagwira pamalo atsopano. Koma ngati kabati iliyonse yomwe mwatsegula ndi zomwezo, thabwa likufumbutuka pomwe pali sikuluwu, dziwani kuti zitseko zatsopano zidzalendeweranso, mwinanso msanga kuposa zakalezi chifukwa chitseko cha MDF cha 18mm chimalemera ndithu. Kuika zitseko zatsopano pa mabokosi otero kuli ngati kudzola mafuta usanasambe.

Chinanso, tengani tepi muyeze kukamwa kwa kabati mopingasa, kuchoka kona ya kumwamba kumanzere kufika ya pansi kumanja, kenako mbali inayo. Miyezo iwiriyo izifanana. Ikasiyana kwambiri ndiye kuti bokosi linapendekeka, ndipo poti pakati pa zitseko timangosiya kampata ka 2mm kapena 3mm, chitseko chowongoka pa bokosi lopendekeka chimaonekera patali kuti china chake chalakwika. Makabati a m'mwamba aja muyang'ane pomwe akhudza khoma, ngati pali mpata woti kumwamba ayamba kulekana ndi khoma imeneyo ndi ngozi, akonzedwe kaye olo musasinthe chilichonse. Mukaona njira za chiswe, kapena kaufa ka thabwa pansi pa timabowo ting'onoting'ono, kapena chuku chakuda chomwe chimabwereranso mukapukuta, pamenepo wachiwiri uja ali ndi mfundo.

Tsopano granite yanu, ndipo ndi imene ikundichititsa kupendekera kwa kalipentala woyamba. Mwala umenewu ndi wolemera, wa 30mm umakwana pafupifupi makilogalamu 80 pa sikweya mita imodzi, ndipo anaumata pamabokosi ndi silicone, guluu wofewa ngati labala uja, polumikiza anathirapo guluu wolimba. Kuti mabokosi onse achoke, granite ichoke kaye. Vuto lili pomwe anaboola malo a sinki, kutsogolo ndi kumbuyo kwa bowo lija kumatsala kamwala kakang'ono kwambiri, ndipo ponyamula ndi pamene imakonda kuthyoka. Anthu odziwa amatha kuichotsa bwinobwino koma palibe amene angakulonjezeni ndi mtima wonse kuti sichita mng'alu, ndipo ikathyoka kupeza ina yofanana mawanga n'kovuta poti mwala uliwonse uli ndi maonekedwe ake. Komanso makabati atsopanowo akuyenera kutsata ndendende miyezo ya granite yakaleyo, apo bii simukwana. Ndiye amene akuti zonse zichoke mumufunse mwachindunji kuti granite ikasweka alipira ndani, ndipo yankho lake lilembedwe.

Nanga mukapeza kuti kabati ya pa sinki yokha ndi imene yaola, ena onse ali bwino? Izi ndi zomwe zimachitika kawirikawiri, ndipo si chifukwa chogwetsera khitchini yonse. Kalipentala amachirikiza granite ndi mitengo, n'kudula thabwa loolalo, n'kuikapo plywood yatsopano yomwe m'mphepete mwake wapakamo vanishi kapena silicone kuti madzi asalowenso. Koma pulambala abwere poyamba, chifukwa ngati kudontha kuja sikunathe ndiye kuti mukungokonzera madzi thabwa lina loti aononge. Pena sipakhala podontha penipeni, ndi silicone ya m'mphepete mwa sinki yomwe inatha, madzi amangoyenderera pang'onopang'ono nthawi iliyonse mukutsuka mbale, zaka n'kumapita osadziwa.

Mabokosi akapezeka kuti ali bwino, ntchito ya woyamba uja muimvetsetse musanapereke dipoziti, chifukwa ena akati kusintha zitseko amatanthauza zitseko zokhazo basi. Ntchito yathunthu ndi zitseko, nkhope za madilowa, matabwa a m'mbali omwe amaonekera kumapeto kwa mzere wa makabati, thabwa la pansi lija timaligunda ndi zala za kumapazi, m'mphepete mwa mabokosi momwe mumaoneka chitseko chikatseguka, kuphatikizapo zogwirira, mahinjesi ndi njanji za madilowa. Akasiya chimodzi mwa izi mudzakhala ndi zitseko zoyera zokongola koma m'mbali muli mtundu wakale uja wakukwananiwo. Pa mahinjesi pokha ndikupempheni, musalole kuti abwezeretse akale pofuna kupulumutsa ndalama, hinjesi ndi imene imagwira ntchito nthawi iliyonse mwatsegula kabati. Mahinjesi obisika ambiri amalowa m'bowo la 35mm ndiye kupeza okwana sikuvuta, a makampani ngati Blum ndi Hettich ndi odziwika kuti amakhalitsa, ndipo alipo otseka pang'onopang'ono osamenyetsa chitseko, omwe amathandizanso kuti masikuluwu asamagwedezeke m'thabwa lakalelo.

Za chipulasitiki chosendekacho, si inu nokha. Zitseko zimenezo ndi MDF yokutidwa ndi vinyl yomwe amaimata ndi kutentha, ndiye kutentha komweko ndi kumene kumaimatulanso, n'chifukwa chake zayambira pafupi ndi kuka. Yang'ananinso chitseko chomwe chili pamwamba pa malo omwe mumawiritsira ketulo, mupeza nachonso chayamba, nthunzi imalowa m'mphepete guluu n'kufooka. Mukasankhanso zoterezi vuto libwerera pamalo omwewo. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga melamine yokhala ndi mkombero wochindikala wa 1mm kapena 2mm, osati kopyapyala ka 0.4mm kaja kamene kamabenthuka mukangogunda ndi poto, kapena MDF yopenta yomwe ikakalika mutha kuipentanso. Thabwa lenileni ndi lokongola ndipo limakonzeka, kungoti limafufuma kukakhala chinyezi n'kubwerera kukauma, ndiye likhale louma bwino asanalipale. Chilichonse chomwe mungasankhe, ketulo muisunthe isamapumire pansi pa kabati.

Pa ndalama ndinene chilungamo, anthu ambiri amaganiza kuti kusintha zitseko n'kotchipa kwambiri ndiye amadabwa akaona kotesheni. Zitseko ndi mahinjesi ndi zimene zimadya ndalama zambiri pa kabati, bokosi lija ndi matabwa wamba. Pomwe mumapulumutsa kwenikweni ndi pa zinthu zomwe simuzikhudza, granite, matailosi a pakhoma, mapaipi, mawaya a magetsi, komanso ntchitoyi imatha m'masiku ochepa inu mukuphikabe m'khitchini momwemo, pamene kugwetsa zonse kumatha kutenga masabata muli opanda sinki. Auzeni onse awiri alembe kotesheni yosonyeza chinthu chilichonse pachokha, mtundu wa thabwa, kuchindikala kwake, dzina la mahinjesi, ndipo wachiwiriyo aikemo pulambala, wamagetsi, matailosi omwe asweke ndi kuchotsa granite. Mukatero m'pamene mukuyerekeza zinthu zofanana.

Wachiwiriyo musamuweruze msanga kuti akungofuna ntchito yaikulu, mwina anaona chinachake chomwe woyamba sanagwade kuti achione. Muitaneni akuonetseni ndi chala pomwe paola. Akakulozerani thabwa lofumbutuka m'makabati angapo, mumvereni. Akangoti zakale ndi zakale basi osaloza kanthu, pitani ndi woyamba.

FUNSO

Ine makabati anga ndi a plywood, olimba bwino, palibe poola. Koma khitchini imatitopetsa, firiji yomwe tinagula sinakwane pamalo ake ndiye ili pakhomo, sinki ili kutali ndi kuka, ndipo mayi akunyumba amadandaula msana chifukwa pogwirira ntchito m'pofupika. Ndimaganiza zosintha zitseko kuti mwina iwoneke bwino tiziikonda. Zingathandize?

Bambo wa ana atatu

YANKHO

Bambo, ayi sizithandiza, ndipo ndikunena mosapsatira chifukwa ndalama zimenezo zingakupwetekeni mtima pakatha mwezi umodzi. Pa zonse zomwe mwatchula palibe ndi chimodzi chomwe chokhudza zitseko. Firiji idzakhalabe pakhomo, mayi msana udzawawabe.

Vuto lanu ndi kayalidwe. Pali lamulo lakale lomwe akatswiri a ku University of Illinois anafalitsa m'zaka za m'ma 1940, loti sinki, kuka ndi firiji zipange makona atatu, mtunda wa pakati pa ziwiri zilizonse usachepere mita 1.2 komanso usapitirire mamita 2.7. Si kuti khitchini iliyonse ingatsate zimenezi ndendende, ena khitchini yawo ndi khoma limodzi, koma mfundo yake ndi yoona mpaka lero, munthu wanyamula poto wa madzi otentha asamayende mtunda kapena kudutsana ndi ana panjira. Ndipo pakati pa sinki ndi kuka pakhale malo okwanira oduliraduliraponso zinthu, chifukwa ntchito yambiri imachitikira pamenepo.

Za msana, makabati apansi ambiri amafika pa 900mm kuchokera pansi mukaphatikiza topu yogwirirapo ntchito ija, koma anthu sitifanana msinkhu. Muwauze mayi aime chilili apinde mkono, muyeze kuchoka pansi kufika pa chigongono, topu yabwino imakhala mmunsi mwake ndi 10cm mpaka 15cm. Ikatsika kuposa apo munthu amagwira ntchito chowerama, ndipo pa sinki zimanyanya poti manja amafika mpaka pansi pa beseni.

Koma poti mabokosi anu ndi a plywood yolimba, musathamangire kuwataya. Funsani kalipentala aone mmene anapangidwira. Ngati kabati iliyonse ndi bokosi palokha lomangidwa kwa linzake ndi masikuluwu, amatha kuwamasula n'kuwayalanso mwatsopano, kuchotsa imodzi kuti firiji ilowe, kukweza onse poika miyendo kapena thabwa la pansi lalitaliko, n'kungopanga mabokosi awiri kapena atatu owonjezera, kenako zitseko zatsopano pa onse kuti akale ndi atsopano afanane. Ngati anawakhomera pakhoma pomwepo ngati chinthu chimodzi chachitali, kumasula kwake n'kuphwanya, ndiye pamenepo n'kuyambiranso basi, ngakhale plywood ina itha kugwira ntchito ngati mashelefu.

Musanasunthe kanthu suzumirani pansi pa makabati. Nyumba zambiri matailosi anawaika makabati alipo kale, ndiye amathera pa thabwa la pansi lija, mukangosuntha kabati pamatulukira simenti, ndipo matailosi ofanana ndi akale mwina anasiya kupanga. Khomanso chimodzimodzi. Kusuntha sinki ndi kumene kumadula kuposa zonse chifukwa paipi yotaya madzi imafuna kutsetsereka, siyenda mokwera, ndiye nthawi zambiri n'kwapafupi kusiya sinki pomwe ili n'kubweretsa kuka ndi firiji kufupi nayo. Firijiyo muisiyire mpata kumbuyo ndi kumwamba monga mmene kabuku kake kakunenera, ikapanikizika imatentha n'kumadya magetsi ambiri. Ndipo poti nkhani ndi msana wa mayi, makabati apansi angapo muwasandutse madilowa akuluakulu otuluka mpaka kumapeto, kuti poto wa kumbuyo azibwera yekha m'malo moti munthu agwade kumufunafuna mumdima.

FUNSO

Ndalama yosinthira zitseko ndilibe. Ndingathe kungopenta ndekha? Zitseko zake ndi zoterera zija za melamine, sizinaonongeke koma zachita chikasu.

Mtsikana wongoyamba kumene pakhomo

YANKHO

Mungathe achemwali, ndipo zimaoneka bwino mukapanda kupupuluma. Penti imakanika pa melamine pa zifukwa ziwiri, mafuta a kukhitchini omwe anakakamira ndi kuterera kwa thabwalo, ndiye ntchito yaikulu ili musanatsegule n'komwe chitini cha penti.

Masulani zitseko zonse, chilichonse muchilembe nambala m'bowo la hinjesi momwe penti sifika, ndipo nambala yomweyo muilembe mkati mwa kabati yake, mukapanda kutero pobwezeretsa mudzavutika poti zimaoneka zofanana koma mabowo ake amasiyana pang'ono. Tsukani ndi sopo wochotsa mafuta mpaka chala chizichita kugwira mukachiyendetsa, makamaka mozungulira zogwirira ndi zitseko za pamwamba pa kuka. Zikauma palani mopepuka ndi sandipepa ya 180 kapena 220, cholinga n'kungochotsa kunyezimira osati kuboola melamine, mukafika pa chipboard mwapyola. Pukutani fumbi lonse. Kenako primer, penti yoyamba yothandiza kuti yapamwamba igwire, ndipo pogula munene kuti mukufuna yogwira pa melamine kapena pa zinthu zoterera, primer wamba ya matabwa imasendeka ndi chikhadabo. Pamwamba pake penti yopyapyala kawiri kapena katatu ndi karola kakang'ono ka siponji, zitseko zitagona pamalo opanda fumbi, kudikira iume bwino musanabwereze. Kupaka yochindikala kamodzi kuti muthane nazo ndi komwe kumabweretsa mizere yoyenderera.

Penti imauma kukhudza tsiku lomwelo koma kuti ilimbe kwenikweni pamatenga masabata angapo, ndiye masiku oyambawo muzitsegula ndi zogwirira zokha, osakwecha ndi chokwechera mapoto, ndipo kumakona a mkati mwa zitseko mumatemo timapira ting'onoting'ono tija kuti penti isamamatirire ku bokosi. Popala valani chotchinga kukamwa ndi mphuno, mawindo akhale otsegula. Ngati pali chitseko china chomwe ndi chokutidwa ndi pulasitiki yosendeka, chimenecho musapente pamwamba, muitenthe pang'ono ndi chowumitsira tsitsi muisende yonse, muchotse guluu wotsalayo kenako mupente MDF ya pansiyo, m'mphepete mwake mupakemo primer kawiri chifukwa mumamwa kwambiri. Ndipo ngati m'khitchinimo muli makabati akalekale a matabwa omwe anapentedwapo zaka zambiri zapitazo, amenewo musawapale pouma, penti zina zakale zinali ndi mtovu ndipo fumbi lake ndi loopsa makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera.

Yambani ndi chitseko chimodzi cha pakona, muchipente mbali ya mkati, mudikire sabata, muchikande ndi chikhadabo. Penti ikapanda kuchoka pitirizani ndi zinazo.